Mwana Achekenire, Kholo Lifotokoze

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, mwa zithunzi zimene amasindikizira ana kuti achekenire masiku ano mumapezekanso za oimba otchuka. Mmodzi wa iwo ndi Tina Turner, mayi wa ku America amene anthu anamtcha mfumukazi ya nyimbo za rock. Kholo lina likaona tsitsi lake lanyankhalala ndi diresi lalifupi ling'amba pepalalo pomwepo. Lina limpatsa mwana kuti aleke kusokosa, ilo n'kupitiriza ntchito zake. Ine ndiyesa kuti makolo onse aŵiriŵa ataya mwayi wophunzitsa.

Kuchekenira si maseŵera chabe. Mwana wogwira chekeni akulimbitsa zala zimene maŵa zidzagwira pensulo, ndipo poyesetsa kusadumpha mzere akuphunzira kudekha. Ife aphunzitsi timamzindikira msanga mwana wotere m'Sitandade 1, pakuti zilembo sizimvuta kuumba. Koma pepala limangoonetsa maonekedwe a munthu. Za moyo wake silinena kanthu, ndipo kholo likapanda kunena, mwana adzayesa kuti moyo wonse wa mayiyu unali magetsi ndi kuombera m'manja.

Nchifukwa chake ndipempha achinyamata odziŵa kujambula kuti akonzere ang'ono awo zithunzi zinayi, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale.

Choyamba chikhale kamtsikana m'munda wa thonje. Dzina lake lobadwa nalo linali Anna Mae Bullock. Anabadwa m'chaka cha 1939 nakulira ku Nutbush, kamudzi ka m'boma la Tennessee, kumene ankathyola thonje akali wamng'ono. Amayi ake anachoka pakhomo iye ali ndi zaka 11, pambuyo pake atate akenso anachoka, ndipo anakaleredwa ndi agogo ake. Pa chithunzi ichi penyetsetsani chekeni chimene mwana asankhira khungu. Akatenga chotuŵa, mfunseni mofatsa chifukwa chake, ndipo muyandikize dzanja lake pa pepala kuti aone kuti khungu la mtsikanayu linali lofanana ndi lake, ndi kuti palibe cholichitira manyazi.

Chachiŵiri chikhale sukulu ya chipinda chimodzi ndi tchalitchi pambali pake. Nthaŵi imeneyo malamulo a kumwera kwa America ankalekanitsa ana akuda ndi ana a azungu, choncho Anna Mae anaphunzira pa Flagg Grove, sukulu ya ana akuda okhaokha. Nyumba ya sukuluyo anaisamutsira ku tauni ya Brownsville, ndipo m'chaka cha 2014 anaitsegula monga malo osungiramo za mbiri yake. Kuimba anayambira m'kwaya ya mpingo wa Baptist ku Nutbush komweko. Mwana wa Sande Sukulu adzakondwa kumva kuti mawu amene anamveka pa dziko lonse anayambira pa benchi longa limene iye amakhalapo.

Chachitatu ndi chovuta, koma musachidumphe. Jambulani mayi ali yekha pa msewu usiku. Ike Turner, amene anampatsa dzina la Tina m'chaka cha 1960 nakhala mwamuna wake, ankam'menya kwa zaka zambiri, monga mwiniwake anafotokozera m'buku la moyo wake la 1986. Anthu ankaona aŵiriwo akumwetulira poimba, osadziŵa za mabala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 1976, ali mu mzinda wa Dallas, Tina anathaŵa ali ndi masenti 36 okha m'thumba, ndipo ukwatiwo unatha m'chaka cha 1978. Kwa mwana wamng'ono n'kokwanira kunena kuti, "Mayiyu ankamenyedwa, ndipo kumenya mkazi n'koipa." Mwana wamwamuna ndiye ayenera kumva mawu aŵa koposa. Ndipo ngati mwana angoti zii, kapena ayamba kusimba za kwawo, kholo kapena mphunzitsi atchere khutu, pakuti ana ena amanena pochekenira zimene sanganene pofunsidwa.

Chachinayi tsono chikhale chija cha magetsi. Atavutika zaka zingapo ndi ngongole, mayiyu anadzukanso m'chaka cha 1984 ndi chimbale chotchedwa Private Dancer, ali ndi zaka 44, msinkhu umene ambiri ankati woimba wamkazi watha ntchito. M'chaka cha 1988 anthu pafupifupi 180,000 anasonkhana m'bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro kudzamva kuimba kwake. Anamwalira ku Switzerland m'chaka cha 2023 ali ndi zaka 83. Mwana amene wachekenira zithunzi zitatu zoyamba adzachiona chachinayi ndi maso ena, chifukwa adziŵa kumene mayiyu anachokera.

Sindikuti zonse za Tina Turner n'zoti ana athu atsanzire. Mavalidwe ake poimba si amene timaphunzitsa ana athu aakazi, ndipo atakula anatsata chipembedzo cha Chibuda. Mwana wamkulupo akafunsa za izi, muuzeni zoona, ndipo mumuuzenso chimene inu mukhulupirira ndi chifukwa chake. Kubisa sikuthandiza, pakuti adzazimva kwa anzake inu kulibe. Ndi bwino aphunzire pakhomo kuyamikira kulimba mtima ndi khama la munthu popanda kumeza zake zonse.

Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri: pepala, chekeni zoŵerengeka, ndi theka la ora madzulo. Chosoŵa m'makomo ambiri ndi kholo lokhala pansi pamphasa pafupi ndi mwana. Yesani sabata ino ndi chithunzi choyamba chija cha thonje, ndipo mwana akamaliza mumfunse kuti akusimbireni nkhaniyo ndi mawu ake.