CHENJEZO: Boti logunditsidwa polivuula lisayende osaliyang'ana

Ku Chiradzulu kulibe nyanja, koma maboti amadutsa pakhomo pathu. A ku Blantyre amene ali ndi maboti a matanga amawakoka pa ngolo kudzera pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi popita ku Mangochi, ndipo pobwerera amadzera momwemo. Abale athu okaoda matemba pa Kachulu ku nyanja ya Chilwa nawonso amakwera maboti a matabwa. Choncho tonse timvere.

Boti limavulala kwambiri nthawi yolivuula. Ngolo ikapanda kulowa m'madzi mokwanira, msana wa boti, chitsulo cholemera chakunsi chija chimene chimaletsa mphepo kuligudubuza, umagunda mtanda wa ngolo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: m'malo moima, amapitiriza kupukusa chingwe chokokera boti ndi mphamvu zonse. Mukamva kuti gu, lekani pomwepo! Bwezerani boti m'madzi, wongolani ngolo, muyambenso. Kukakamiza kumakhwefula mabawuti ogwira msana, n'kusiya kamng'alu kochepa ngati tsitsi polumikizira. Pamtunda kamng'aluko sikaoneka koopsa, koma mwera ukakunta mu Juni ndi Julaye, madzi amalowera pomwepo anthu ali pakati pa nyanja.

Musadalire kuti gombe mumalidziwa. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera mpaka kumiza magombe ku Mangochi, pomwe Chilwa inaphwa mu 1995 ndi 2018. Mwala umene munkauona kale lero ukhoza kukhala kunsi kwa madzi. Munthu mmodzi alowe kaye, apondeponde pansi. Boti la matabwa lisakwekwerezedwe pamiyala. Liyalireni mitengo kunsi.

Ngolo nayo imavulala. Mtanda wogwira matayala ukapindika, matayala amayenda mopendama, amadyeka mbali imodzi, kenako amaphulika. Mabelingi otentha akamizidwa m'madzi amayamwa madziwo, girizi n'kuwonongeka. Inu oyendetsa, imani mukangoyenda pang'ono, mugwire pakati pa tayala lililonse. Pakatentha mosagwirika, ulendo uthere pomwepo mpaka makaniko aone. Malamba akhale omangitsa, mlongoti ugonekedwe pansi, kumbuyo kukhale kansalu kofiira ndi magetsi oyaka.

Inu akabaza, amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi ana asukulu, galimoto ikadutsa musathamangire kuwoloka, chifukwa kumbuyo kwake kukhoza kukhala ngolo yaitali. Mukaona ngolo ikugwedezeka kapena boti litapendekeka, patukani kutali ndipo dziwitsani apolisi apamsewu.

Ndipo inu okwera boti pa Kachulu, yang'anani pansi musanakhale. Ngati madzi akulowa pansipo boti lisananyamuke n'komwe, tsikani, ngakhale mutalipira kale. Eni maboti, chonde, matani ming'alu ndi kumangitsa mabawuti musanakwezemo munthu.