Mumaombera Rakhi m'manja, koma mlongo wanu akulira kuseri kwa nyumba yanu

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu muli ku Blantyre, ku Lilongwe mpaka ku Johannesburg, lero za mtengo wa nandolo ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za filimu. Inde, filimu. Musaseke, werengani mpaka pansi, makamaka inu amuna anzanga amene muli ndi alongo.

Pali filimu ya ku India yotchedwa Rakhi imene anyamata athu amapatsirana m'mafoni ndi kuonera m'mavidiyo shoo, DJ akumasulira m'Chichewa. Ife timangoti "za Amwenye", koma India ali ndi zilankhulo zambiri. Iyiyi ndi ya chilankhulo cha Telugu, cha ku Andhra Pradesh ndi Telangana. Inatuluka mu 2006, anaikonza ndi Krishna Vamsi, ndipo mnyamata wake ndi N. T. Rama Rao Jr, yemwe uja munamuonanso mu RRR. Mawu oti rakhi kwawoko ndi kachingwe kamene mtsikana amamanga pamkono wa mlongo wake pachikondwerero cha Raksha Bandhan, mlongoyo n'kulonjeza kuti adzamuteteza.

Nkhani yake ndi iyi. Mnyamata amakonda mchemwali wake kwabasi. Kwawoko makolo a mkazi ndiwo amapereka chuma kwa akuchimuna, mwambo umene boma la India linaletsa mu 1961 koma sunathe. Ndiye mtsikana uja akwatiwa, apita kwa amuna ake, kumeneko amuotcha ndi moto chifukwa cha dyera la chuma. Kukhoti opalamula apulumuka. Mnyamata uja atenga petulo n'kuwaotcha nawonso, kenako ayamba kusaka aliyense wozunza akazi. Pamenepo vidiyo shoo yonse imadzuka, makhweru, m'manja, ena mpaka kukwera pamabenchi. "Ameneyo ndiye mwamuna! Ine wina atakhudza mlongo wanga aona zakuda!"

Eti? Ndiye tiyeni tiwerengetserane.

Mtsikana wa mufilimuyo anafera kutali, m'nyumba ya eni, kumene mlongo wake samaona zochitika. Kuno ku Phalombe, kaya kwa Nazombe, kwa Kaduya, kwa Jenala kapena kwa Nkhulambe, ife ndife a chikamwini. Mwamuna ndiye amabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi. Mlongo wako amakhala pakhomo pamene iwe unabadwira, pamalo a amayi ako, pafupi ndi manda a agogo ako. Ukakhala sunakwatire, akamamenyedwa usiku kulira kwake umakumva uli pamphasa. Ukakhala unakwatira mudzi woyandikana, mawa lake uthenga wakupeza dzuwa lisanakwere. Sufunika basi, sufunika petulo. Chongofunika ndi kudzuka basi. Koma timadzuka?

Makolo athu anatipatsa udindo waukulu kuposa kachingwe ka pamkono. Anatitcha eni mbumba. Mbumba yako ndi alongo ako ndi ana awo. Mwana wa mlongo wako akadwala, akalakwa, akafuna banja, nkhani imafika kwa malume. Kale mkamwini akayamba nkhanza, mwinimbumba amaitana ankhoswe, akapanda kusintha amamusonyeza njira yakwawo. Lero mwinimbumba akamva kuti alamu ake athyola dzino la mlongo wake, amayamba waona kaye ngati alamuwo amamugulirako kachasu kumsika. Akatero mawu ake amakhala amodzi: "Achemwali, banja ndi kupirira. Musatichititse manyazi."

Manyaziwo ndi amene ndikulimbana nawo lero. Mawu oti ulemu wa banja tawasandutsa chivundikiro cha mphika wowola. Mayi watupa diso, tikuti anene kuti wagwa pachitsime, kuteteza ulemu wa banja. Mwana wa sitandade 7 wapatsidwa mimba ndi bambo wa ndevu zake, tikuthamanga usiku kukakambirana kuti amutenge msanga anthu asanadziwe, kuteteza ulemu wa banja. Malume alandira kangachepe, nkhani yatha. Ulemu wake wa ndani? Mwanayo wasiya sukulu, akubereka thupi lisanakhwime, mawa bamboyo wathawira ku Mozambique. Amene watetezeka ndi wopalamula, ndi thumba la malume. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja. Malume amene amavomera ukwati wotero sakukonza mbumba, akuigulitsa.

Nanga za minda? Namondwe Freddy atatigwera mu Malichi 2023, minda yambiri, makamaka cha kwa Nkhulambe, inakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Malo olima anachepa, mtengo wobwereka munda unakwera. Ndiye tinaona zodabwitsa. Achimwene amene anakwatira kwina zaka zambiri zapitazo akutulukira ndi mawu oti "ine ndine mwinimbumba", n'kubwereketsa dimba la mlongo wamasiye kwa munthu wa ndalama, iwo n'kuika m'thumba. Ena kugulitsiratu. Mwinimbumba ndi mlonda wa malo, abale. Malo ndi a alongo ndi ana awo. Mlonda amene akugulitsa katundu amene akulondera tonse timadziwa dzina lake. Koma madzulo munthu yemweyo ali kutsogolo m'vidiyo shoo kukuwa kuti "Rakhi awaotche!"

Wina anena kuti, "Akulu, mukulimbikitsa kuti tizichita ngati Rakhi?" Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi filimuyo. Moto uja unayaka mtsikana atafa kale. Sunamudzutse. Chikondi chimene chimaoneka munthu ali m'manda n'chotchipa, aliyense angachikwanitse. Komanso ife sitikufunika DJ kuti atiuze za mkwiyo wa gulu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi kuno ku Phalombe, anthu anaphedwa popanda wowafunsa mbali yawo. Agogo angati m'dziko muno amenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, powanamizira ufiti? Mufilimu petulo amapeza wolakwa yekhayekha chifukwa wolemba nkhani anakonza choncho. Pamudzi petulo amapeza wofooka. Ndipo ukavulaza alamu ako, iwe ukupita kundende ku Zomba, mlongo wako atsala ndi ana, wopanda mwamuna, wopandanso mlongo.

Chaka chomwecho cha 2006 chimene filimuyi inatuluka, Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Khoti lingathe kulamula mwamuna wankhanza kuti asayandikire mkazi amene akumuzunza. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mafumu alipo, ogwira ntchito zoteteza ana aliponso. Njira zimenezi zili ndi zofooka zake, nthawi zina zimachedwa, nthawi zina munthu umayenda maulendo atatu osathandizidwa. N'chifukwa chake mlongo wako amafunika iwe. Mayi amene wamenyedwa, ali ndi mwana kumsana, alibe ya kabaza, sangayende yekha maulendo atatuwo. Koma ukamukweza panjinga yako, n'kukhala naye pabenchi, n'kubwereranso mawa, nkhani imayenda. Kumeneko kulibe nyimbo, kulibe oimba makhweru, koma ndiko kuteteza mlongo kwenikweni.

Winanso anena kuti, "Ife tinayesapo, koma achemwaliwo anabwerera okha kwa amuna awo." Zimachitikadi. Koma unadzifunsa kuti anabwereranji? Nkhokwe yake inali ndi chimanga? Ana ake anali ndi makope ndi yunifomu? Mayi amabwerera kunkhonya chifukwa kumeneko kuli ufa. Ukanamulimirako ndime imodzi, ukanamugawirako mbewu ndi theka la thumba la feteleza, ukanamusiyira dimba lake, akanakhala ndi poima. Munthu sangakane nkhanza m'mimba muli zii.

Inu a m'tauni musaganize kuti ndakuiwalani. Foni ya mlongo wanu ikalira mwezi wa Januwale simuyankha, mumati netiweki. Akatumiza uthenga woti mwana wabwezedwa kusekondale chifukwa cha fizi, mumayankha kuti "tiona kumapeto kwa mwezi", mwezi wake sutha. Koma tsiku limene amwalira, galimoto zitatu zafika, bokosi lodula, nsalu zofanana, zithunzi pa Facebook ndi mawu oti "mlongo wanga wokondedwa". Ndalama ya bokosilo ikanamulipirira mwana uja fomu 1 mpaka fomu 2. Inunso ndinu a Rakhi omwewo: mumafika moto utazima, phulusa lokhalokha.

Sindikuti musiye kuonera mafilimu. Munthu ukachoka kumunda umafuna kuseka ndi kuiwalako. Ndipo Atelugu aja anachita bwino kuika poyera nkhanza zimene akazi akwawo amakumana nazo. Iwo anaulula zakwawo. Ife zakwathu tikubisa pansi pa mphasa.

Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Koma fupa limathyoka. Ndiye sabata ino, mwinimbumba aliyense amene wawerenga apa apite kapena aimbe foni kwa mlongo wake. Osafunsa kuti "muli bwanji", chifukwa adzangoti "tili bwino". Funsani zenizeni: chimanga chatsala matumba angati? Atsikana onse akupita kusukulu? Malire a munda alipobe pamene anasiya amayi? Alamu akugona bwanji ndi anthu pakhomo? Ndipo akayamba kuyankha, tsekani pakamwa, mumve mpaka amalize.

Amene zamuwawa asanditukwane kumbali. Alembe pansipa, dzina lake likuoneka, atiuze kuti chaka chino mlongo wake wamuchitira chiyani. Ndipo inu azimayi, amene alongo anu amakuimiranidi, atchuleni pano tiwadziwe. Alipo ndithu, ndipo anyamata athu akufunika kuona nkhope zawo kuposa ya munthu wa ku Hyderabad wonyamula chigubu cha petulo.