Mlandu wa mwana sutha ndi mbuzi

Munthu wa ku Mvera akayambana ndi mnzake, makomo ogogodapo ndi ambiri. Kuli ankhoswe. Kuli bwalo la anyakwawa, agulupu, mpaka kwa Mfumu Yaikulu Chiwere. Kuli akuluampingo, pakuti mpingo udazika mizu pano kuyambira mu 1889 pamene a Murray ndi a Vlok adatsegula mishoni. Kuli polisi, ndipo kuli khoti la majisitireti kuboma la Dowa. Tsoka lathu ndi lakuti mlandu timaugogodera khomo lolakwika, ndipo kawirikawiri timatero dala.

Ine bwalo la mfumu ndimalilemekeza. Mbuzi zikadya chimanga cha mwini, malire a dimba akasuntha usiku, ngongole ya feteleza ikagonera zaka ziwiri, palibe chifukwa chotayira ndalama pa kabaza kupita ku Dowa. Kukhoti wina amapambana wina nagonja, koma mawa lake onse awiri akumana pamjigo, ndipo maliro akagwa akumba manda amodzi. Pansi pa mtengo nduna zimafunsa, mboni zimayankhula pamaso pa mudzi wonse, wolakwa amapepesa, anthu nabwerera akulonjerana. Nzeru imeneyi makolo athu sadachite kubwereka kwa munthu.

Chondiwawa ndi ichi: mawu okoma akuti “tikambirane pachibale” tawasandutsa khasu lokwiririra zonyansa. Mwana wa sitandade 6 wagwiriridwa ndi bambo wa imvi, ndiye akuluakulu akhala pamphasa n'kugamula mbuzi ziwiri! Mbuziyo adya ndani? Mwanayo adafunsidwa ndi yani? Mayi wafika kwa ankhoswe diso litatupa, kachitatu chaka chomwechi, iwo n'kumubweza ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Apirire mpaka tidzamunyamule m'bokosi? Mayi wamasiye amene adabwera pachitengwa, nalima munda zaka 20, akupirikitsidwa ndi alamu ake maliro asanazizire, ndipo bwalo likuti achoke mwamtendere. Mtendere wa yani?

Malamulo alipo. Loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lidakhazikitsidwa mu 2006. La chuma cha masiye la mu 2011 likuti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Mfumu, nkhoswe kapena mkulu wa mpingo amene athetsera milandu yotereyi kuseri waima kumbali ya wolakwa, ngakhale ayankhule mofatsa chotani.

Tisaiwale kumene tachokera. M'nthawi ya Kamuzu makhoti a mafumu adapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu yakupha ndi youkira boma, popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Ndi khoti lotero limene lidagamula kuti a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa aphedwe mu 1983. Bwalo lopanda malire limasanduka chikoti m'manja mwa wamphamvu. Lero chikoticho chimagwidwa ndi amene watsogoza nkhuku kwa nduna usiku, kapena amene atha kulipira chabwalo pamene mnzake alibe ndi ya mchere yomwe.

Njira ina ilipo, ndipo idayesedwa kale m'dziko muno. Bungwe la PASI lidaphunzitsa amkhalapakati a m'midzi, potengera zomwe anzathu a ku Madaripur m'dziko la Bangladesh amachita. Amkhalapakatiwa salipiritsa, sagamula, salengeza nkhani za anthu. Amakhazika pansi okanganawo mpaka eni akewo atapeza pogwirizana, ndipo mlandu ukakhala waukulu amautumiza kupolisi. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 nalo lidalamula kuti m'makomiti oona za malo mukhale amayi, kuti mayi wolandidwa munda asamaime yekha pamaso pa amuna okhaokha. Koma lamulo la makhoti a kumadera la mu 2011, lomwe likadafupikitsa ulendo wa wosauka, lidangothera papepala. Aboma, mukudikira chiyani?

Inu mafumu athu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mumatchedwa dzala chifukwa zonse zimatayidwa kwa inu, koma za magazi ndi za ana musazifotsere. Ankhoswe, mukaona bala, perekezani mwana wanuyo kuchipatala ndi kupolisi, za banja mukambe pambuyo. Abusa ndi akuluampingo, kukhululuka kumene mumalalikira kusatseke pakamwa pa wolakwiridwa.

Za malire, ngongole ndi ziweto, tiyeni pansi pa mtengo, ine ndemwe ndidzanyamula mpando. Koma tsiku limene mudzaitanitse mbuzi pa mlandu wa mwana, dziwani kuti mwanayo akumvera kuseri kwa nkhokwe, ndipo akuphunzira mtengo umene mudzi wake wamugulitsira.