Mualadzi: mvula ikagwa, madzi ake amathera kuti?

Alimi a ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, sanaiwale chilimwe cha mu Febuluwale 2024, pamene mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula. Vutoli linadza ndi El Niño ndipo silinaone malire: pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti Zambia yagwa m'ngozi ya chilala, ndipo Malawi anachitanso chimodzimodzi mu Malichi. Koma zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu Januwale 2022, namondwe Ana anali atawononga mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi amachuluka tsiku limodzi, n'kusowa milungu itatu.

Choncho funso la mlimi si kuchuluka kwa mvula kokha. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa hekitala imodzi, ndi malita 200,000. Ngati mizere yalunjika kumtsetse ndipo pansi pali chikhakha chobwera chifukwa cholima ndi khasu pamuyezo umodzi chaka ndi chaka, gawo lalikulu la madziwo limathamangira kumtsinje, litanyamula dothi lachonde ndi feteleza wogula modula.

Njira zowagwira sizachilendo. Tsidya la malire, ku Katete ndi Chadiza, alimi ambiri amadziwa maenje obzalamo amene bungwe la Conservation Farming Unit linayamba kuphunzitsa m'Zambia mu 1996. Dzenje limakumbidwa kuya pafupifupi masentimita 20 kuti liboole chikhakha, mizere kutalikirana masentimita 90 ndipo maenje masentimita 70. Manyowa amathiridwa m'dzenje momwemo, ndipo chaka chamawa mbewu imabwerera pomwepo. Ku Malawi amatseka mizere ngati mabokosi, kumanga akalozera modutsa mtsetse ndi kubzala udzu wa vetiva. Ku Burkina Faso, kumene mvula ndi yochepa kuposa kuno, Yacouba Sawadogo anadzutsa nthaka yoguga ndi maenje otchedwa zaï.

Nanga bwanji minda yambiri idakali yosaphimbidwa? Choyamba ndi thukuta. Pa muyezo umenewo hekitala imodzi imafuna maenje oposa 15,000, ndipo ayenera kukumbidwa mvula isanagwe. Woyamba ntchitoyi atangokolola, nthaka ikadali yofewa, amaimaliza pang'onopang'ono. Wodikira Okutobala amalimbana ndi nthaka yolimba ngati mwala. Banja lolima fodya limakhala kuti manja ake agawika kale, chifukwa nazale imafuna kuthirira m'miyezi yomweyo. N'chifukwa chake kuyamba ndi kachigawo ka munda, kokwanira chakudya cha pakhomo, n'kwanzeru kusiyana ndi kufuna kutembenuza munda wonse chaka chimodzi.

Chachiwiri n'chovuta kwambiri, chifukwa sichili m'manja mwa mlimi mmodzi. Mapesi ophimbira nthaka amadyedwa ndi ng'ombe ndi mbuzi zomasulidwa anthu akakolola, ndipo otsala amapsa ndi moto wa osaka mbewa. Munthu angayale mapesi munda wonse, mawa lake n'kupeza phulusa. Apa mlangizi wa SDAE angaphunzitse miyezo yonse, koma amene angaletse moto ndi kugwirizanitsa eni ziweto ndi eni minda ndi mafumu ndi anyakwawa. Chimodzimodzi akalozera: wa kumunsi akamanga, wa kumtunda osamanga, madzi amafika ndi mphamvu n'kugumula.

Maenje nawonso si mankhwala a munda uliwonse. M'dambo ndi pa dothi lamakande, chaka cha mvula yambiri madzi amadikha ndipo chimanga chimachita chikasu. Pamenepo mizere yokwera ndi ngalande ndizo zofunika. Udzu umavutanso m'zaka zoyamba, popeza nthaka sitembenuzidwa.

Pokonzekera ulimi ukubwerawu, mabwalo a m'midzi ya ku Mualadzi ali ndi nkhani ziwiri zoti agamule mapesi asanathe: ziweto zizimasulidwa liti ndi kuti, ndipo woyatsa moto m'munda wa mnzake alipira chiyani.