Ngolo nayonso imafuna denga

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa, pa Namitete pamaoneka zomwezomwezo. Ngolo zimanyamuka pamasitolo a zipangizo zaulimi zitasenza matumba a feteleza, n'kusiya tala wa msewu wa Lilongwe-Mchinji kulowa m'timisewu tafumbi ta kumidzi. Kumwamba kumakhala kutada kale. Tsiku lina mu Disembala ndinausa mvula pakhonde la sitolo ina, ndipo ndinaona bambo wachikulire atavula jekete yake n'kufunditsa matumba awiri apamwamba. Ena anayi anali pamtetete. Mnyamata woyendetsa ngoloyo anangodzifunda thumba lakale kumutu n'kumakwapula ng'ombe kuti zifulumire, madzi akuyenderera pakati pa matumba n'kumadontha kumbuyo. Bamboyo anagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti apeze fetelezayo, ndipo mtunda wotsala kuti akafike kwawo sunali waufupi.

Chomwe chinandikumbutsa za bamboyo ndi kagalimoto kakang'ono komwe anthu osewera gofu amakwera pabwalo lawo. Ambiri mwa ife sitinakakwerepo, ndipo ngakhale dziko lino lili ndi mabwalo a gofu monga Lilongwe Golf Club, masewerawa ndi a anthu ochepa. Kagalimotoka kali ndi matayala anayi ang'onoang'ono, mipando ya anthu awiri kapena anayi, ndi malo kumbuyo oikapo chikwama cha ndodo zomenyera mpira. Kambiri kamayendera mabatire, ndipo liwiro lake silipitirira kwenikweni makilomita 25 pa ola. Makampani monga E-Z-GO, yomwe inayamba mu 1954 mumzinda wa Augusta ku America, Club Car ndi Yamaha ndiwo amadziwika popanga timagalimototi. M'matauni ena a ku America, monga Peachtree City ku Georgia ndi The Villages ku Florida, anthu amakwera timeneti popita kumsika ngakhale kusukulu.

Zomwe eni ake amagula pofuna kuteteza kagalimotoka kunyengo n'zochuluka. Pali denga lolimba la pulasitiki, ndi galasi lakutsogolo lopindika pakati, loti kukatentha munthu atsitse theka lapamwamba mphepo ilowe. Pali nsalu zosalowa madzi zokutira mbali zonse, zokhala ndi mawindo a pulasitiki yoonekera ndi zipi, zomwe amazikulunga n'kuzimanga m'mwamba kukayera. Kumbuyo amaika kadenga kakang'ono kophimba chikwama cha ndodo chabe, ndipo kagalimotoka akakaimika amakafunditsa konse ndi chofunda chokhala ndi timipata totulutsira chinyezi. Ine sindikuwadzudzula ayi. Iwo anazindikira kuti chinthu choyenda poyera chimakumana ndi mvula, dzuwa, mphepo ndi fumbi, ndipo chilichonse mwa zimenezi anachikonzera chida chake. Chondiwawa n'chakuti ndodo zachitsulo zosewerera zili ndi denga, pomwe ngolo yonyamula chakudya cha banja cha chaka chonse ilibe.

Anthu ambiri sadziwa kuchuluka kwa madzi omwe amagwera m'ngolo. Akadaulo a zanyengo akamati kwagwa mvula ya milimita imodzi, amatanthauza kuti pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi pagwera lita imodzi ya madzi. Ngolo yotalika mamita awiri, yotambalala mita imodzi ndi kachidutswa, ikakumana ndi mvula ya mamilimita 20, yomwe m'dzinja kuno imatha kugwa osakwana ola, imalandira malita oposa 40. Zimenezo ndi ndowa ziwiri zodzaza za malita 20. Palibe mlimi angalole mwana wake kuthira ndowa ziwiri za madzi pa matumba a feteleza, koma m'njira timalola mitambo kuchita zomwezo.

Wina anena kuti thumba la feteleza lili ndi pepala la pulasitiki mkati. N'zoona, koma thumbalo lisanafike m'ngolo limakhala litaponyedwa pagalimoto, litakwakwazidwa pansi, nthawi zina litabooledwa ndi msomali wa thabwa la ngolo yomweyo. Feteleza wobereketsa wa Urea amakoka chinyezi ngakhale cha mumpweya, ndipo madzi akamukhudza amasungunuka ngati shuga. Wotsalayo amaumbika mibulu yolimba yofuna kusinja musanathire, ndipo muyezo wa kapu paphando susunganso chilungamo: phesi lina lilandira wambiri, lina pang'ono. Simenti ndiye ikanyowa yatha basi, thumba la makilogalamu 50 limasanduka mwala.

Nthawi yokolola vuto limangosintha nkhope. Dera lonseli, kuyambira Mpingu, Nsaru, Kabudula mpaka kulowa Mchinji, ndi la fodya ndi mtedza. Belo la fodya likavumbwa popita kumalo okwezera, masamba amachita nkhungu mkati, ndipo ku okushoni ku Kanengo belo lotero limatsika mtengo kapena kubwezedwa kumene. Mtedza ndiye ngozi yake imafika mpaka m'mimba. Mtedza wouma ukanyowanso umamera chuku, ndipo chuku chinacho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoniyu satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe kapena kusinjidwa nsinjiro. Akatswiri a ku Chitedze, pamsewu womwewu cha kufupi ndi Lilongwe, akhala akuphunzitsa alimi za kaumitsidwe kabwino ka mtedza kwa zaka zambiri. Maphunziro onsewo angathe kupita pachabe paulendo umodzi wa ngolo yosafunda, mvula yotsiriza ya mu Epulo ikakupezani padambo.

Ngolo imanyamulanso anthu. Chipatala cha St Gabriel's cha pa Namitete, chomwe masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chimalandira odwala ochokera m'midzi yakutali, ndipo ena amafika atagonekedwa pamphasa m'ngolo kapena pa ambulansi ya njinga. Mayi woyembekezera yemwe matenda amuyamba usiku, mwana wotentha thupi ndi malungo, agogo a chibayo, onsewa sayenera kuvumbwa kapena kuwambidwa ndi dzuwa la Okutobala kwa maola awiri. Amene anapanga maambulansi a njinga anaganizira zimenezi, n'chifukwa chake ambiri mwa maambulansiwa ali ndi kadenga ka nsalu. Koma nsalu imang'ambika msanga kuposa chitsulo, ndipo ikang'ambika mudzi umangopitiriza kugwiritsa ntchito chimango chokha. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ikamasonkhetsa ndalama ya matayala, iziwerengeranso ya telala.

Denga la ngolo si chinthu chofuna kuitanitsa kunja. Nsungwi zitatu kapena zinayi zong'alula, zopindidwa ngati uta kuchokera mbali ina ya ngolo kufika mbali inayo, ndi ina imodzi yodutsa pamwamba ngati mtanda wa nyumba, zimapanga chimango chokwanira. Amene ali nako kangachepe angapite kwa owotcherera kuti amupindire zitsulo zozula ndi kubwezera, chifukwa tsiku lonyamula njerwa kapena mapesi denga limasokoneza. Chachikulu n'chakuti chofundacho chikhale ndi msana. Tenti yongoyalidwa pamwamba pa matumba imapanga zithaphwi, ndipo madzi oima amapeza kabowo kalikonse. Ikakhala yotsetsereka ngati denga la nyumba, ngakhale tenti yokalamba imataya madzi kumbali. M'mphepete mwake muzilendewera kunja kwa matabwa a ngolo, osati mkati, apo ayi madzi onse mwawalondolera nokha pansi pa katundu. Pansipo muziyamba mwayalapo timitengo kuti matumba asakhudze thabwa, ndipo timabowo tiwiri kumakona akumbuyo timathandiza madzi olowa kuti atuluke.

Pa zofundira, ambiri amathamangira pepala lakuda la pulasitiki logulitsidwa pamita, lomwe timafolera nyumba zaudzu, chifukwa ndi lotsika mtengo. Limathandiza pa tsoka la tsiku limodzi, koma dzuwa limalipsereza mpaka kuyamba kuthetheka, ndipo likangokodwa pa minga limang'ambika mpaka kumapeto. Matumba akale osokedwa pamodzi amatchinga dzuwa ndi fumbi bwino, koma mvula yamphamvu imadutsa m'maso mwake. Alimi ena amaphatikiza ziwirizi, pepala mkati matumba kunja, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino: matumba amateteza pepala kudzuwa ndi kuminga, pepala limaletsa madzi. Tenti yeniyeni, yomwe ena amati lona, ndiyo imakhalitsa, makamaka ikakhala ndi mphete zachitsulo m'mphepete zomangiramo zingwe. Pomanga, malegeni amaposa chingwe, chifukwa amatamuka ngolo ikagwa m'dzenje m'malo mong'amba nsalu.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndachiona kangapo ngakhale kwa alimi osamala. Amafunditsa chimanga kapena mtedza wosauma bwino ndi pulasitiki, n'kumanga zolimba mbali zonse, ngolo n'kugona choncho pabwalo mpaka m'mawa. Mbewu zimapuma, ndipo chinyezi chake chikasowa potulukira chimachita thukuta pansi pa pepala n'kudonthera pa mbewu zomwezo. Opanga zofunda za timagalimoto ta gofu tija amasiya timipata ta mpweya pa chifukwa chomwechi. Denga la ngolo lizikhala lotseguka pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mukafika pakhomo katundu azitsitsidwa, tenti iyanikidwe isanapindidwe.

Anyamata a kabaza nkhani yawo ndi ina pang'ono. Ku Uganda ndi ku Kenya oyendetsa njinga zamoto ambiri amamangirira ambulera yaitali pa chiwongolero, yokhala ndi mchira wofika kwa wokwera kumbuyo. Imathandizadi padzuwa ndi pamvula yowaza, koma apa m'pomwe chitsanzo cha kagalimoto ka gofu chiyenera kutichenjeza. Kagalimoto kaja kali ndi matayala anayi ndipo kamayenda pang'onopang'ono pa kapinga. Mphamvu ya mphepo pa chinthu choyenda imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imalimbana ndi mphepo yamphamvu kasanu ndi kanayi kuposa ya makilomita 20 pa ola. Tsono ganizani njinga ya matayala awiri, ambulera ili m'mwamba ngati thanga la bwato, ikupishana ndi thiraki yochokera ku Zambia pa tala wonyowa wa M12, msewu wa Lilongwe-Mchinji uja. Kwa wakabaza wa m'timisewu ta kumudzi ambulera ingathandize, bola aziyenda mosathamanga ndipo aipinde kukachita mphepo. Pamsewu waukulu, chomuteteza ndi jekete ndi buluku zosalowa madzi, chipewa chake cholimba chokhala ndi galasi, ndi chofunda china chosungira wokwera. Chofunda cha wokwerayo chisakhale chachitali cholendewera, chifukwa nsalu ikakodwa mu sipoko kapena mu tcheni onse awiri amagwa. Amayi ovala zitenje amadziwa kale ngozi imeneyi.

Ndipo palibe denga la nsalu kapena la pulasitiki lomwe limateteza ku mphenzi. Kumabwalo a gofu a kunja, ziphaliwali zikayamba amaliza lipenga kuti aliyense achoke pabwalo, ngakhale amene ali m'kagalimoto kokutidwa mbali zonse, chifukwa chomwe chimateteza munthu m'galimoto yeniyeni ndi thupi lake lachitsulo lomuzungulira, osati matayala. Ngolo ili pakati pa dambo la tetete, kapena njinga yokhala ndi ndodo yachitsulo ya ambulera, sizili bwino mabingu akamagunda pafupi. Kuusa pansi pa mtengo waukulu woima wokha nakonso n'koopsa. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pawailesi za masiku a mvula yamabingu, ndipo mwini ngolo azimvera asanamange ng'ombe pagoli.

Namitete ndi malo a amisiri. Aliyense wodutsa pamsewu amaona mipando ndi mabedi zitandandalikidwa m'mbali, owotcherera ali pantchito, atelala ali m'makonde ndi makina awo, ndipo pafupi pomwepo pali Namitete Technical College yophunzitsa achinyamata ntchito zamanja. Zonse zofunika popanga denga la ngolo zili pamalo amodzi, chosowa n'chakuti wowotcherera ndi telala akhale pansi n'kugwirizana muyezo. Amene amapanga ngolo azifunsa wogula ngati akufuna zitsulo za denga, monga momwe amafunsira za matayala. Makalabu a alimi omwe amagula feteleza pamodzi angathe kugulanso tenti imodzi kapena ziwiri zobwerekana. Inu eni ngolo amene mumachita hayala, dziwani kuti mlimi amene anaonongekerwapo katundu adzasankha ngolo yofunda ngakhale mtengo utakwera pang'ono. Pitani kwa mmisiri mu Seputembala, nsungwi zili zouma ndipo mvula isanayambe.