Mwana Adye Kaye: Chilengezo cha Makolo a ku Machinga ndi Balaka

Ife amayi, abambo ndi agogo a ku Ntaja, Nsanama, Liwonde, Ulongwe ndi Phalula tikulengeza kuti tasiya kuzolowera ana opinimbira. Kwa nthawi yaitali tinkadzitonthoza kuti ufupiwo ndi wa kumtundu. Takana bodza limeneli. Kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'dziko muno, 37 ndi opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha pa 100 ndiwo amadya moyenera.

Umphawi tikuudziwa. Namondwe Freddy anakokolola minda mu 2023, ng'amba ya 2024 inawotcha chimanga chisanamasule. Mayi amalawirira ku ganyu m'bandakucha, khanda n'kutsala ndi mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ameneyu sitimuloza chala. Koma tinenenso zoona: nandolo timalima ndife, mtedza ndi wathu, matemba a ku Chilwa ndi ku Chiuta amadutsa pakhomo pathu pa njinga. Zonsezi zimathera kwa mavenda, mwana n'kumamwa phala la ufa woyera lamadzimadzi lothira kamchere. Mimba imadzaza, thupi osakula. Zimenezi n'zimene zimatipweteka kwambiri.

Kuyambira lero, tisanagulitse thumba lililonse, tiyambe tapatula gawo la mwana. Akangobadwa ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja, usafinyiridwe pansi, ndipo ayamwe bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa madzi kapena mankhwala a zitsamba. Akayamba kudya, phala lake likhale la mgaiwa, lolimbirako, lothira nsinjiro, matemba osinja, dzira kapena nkhwani, kwinaku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri.

Inu agogo, mawu anu ndi amene amamveka pakhomo, choncho tithandizeni. Mwana akatupa mapazi, tsitsi n'kuyamba kufiira, tisathere masiku tikufunsana kuti wamutsempha ndani. Kumeneko n'kunyentchera, ndipo kumachiritsika kuchipatala. Chiponde chimene amalandira kumeneko ndi mankhwala a mwana wodwalayo: sichogawana, sichogulitsa pamsika.

Inu abambo, kusikelo si kwa amayi okha. Ndalama ya thonje ndi mpunga ikalowa m'thumba, mwana akhale woyamba kuiona m'mbale yake.

Kwa mafumu athu, a Kawinga, a Nyambi, a Kalembo, a Nsamala ndi anzawo onse, tikupempha kuti nkhani ya kadyedwe ka ana izikambidwa pabwalo monga mmene imakambidwira ya malire a minda. Boma nalo lionetsetse kuti chiponde sichikusowa m'zipatala za kumidzi, ndipo alangizi a zaumoyo azifika m'midzi yakutali ngati ya ku Nayuchi.

Aliyense amene ali ndi mwana pakhomo, abwere tigwirane manja. Tikumane kusikelo ya mwezi uno.