Cambiko Si Cakudya ca Umbuli

Pali khalidwe loipa limene lafala pakati pa ife amene tinapita ku sukulu, ndilo kunyoza cambiko. Mnyamata akangolandira setifiketi yace nabwerera kwao kwa Kapichila, ayamba kukwinya nkhope poona amai ace akuthira mkaka wosasa m'mbale, nati umenewo ndi mkaka woola, cakudya ca anthu osaphunzira. Koma yemweyo akafika pa boma pa Lundazi atulutsa ndalama nagula yogati m'sitolo, osadziwa kuti yogati ndi cambiko ndi pacibale. Ine ndinena kuti mbuli ndi mnyamatayo, si amai ace iai.

Tiyeni tione cimene mkaka ucita m'thupi. Mu mkaka muli shuga amene adokotala amuchula lactose. Khanda ligaya shugayo bwino lomwe, pakuti m'matumbo mwace muli cogayira cace, dzina lace lactase. Koma mwana akaleka kuyamwa, cogayiraco cimanka nicicepa, kotero kuti pa akulu atatu alionse pa dziko lapansi, pafupi-fupi awiri sagaya bwino shuga ameneyu, ndipo ambiri a ife tili m'gulu lomweli. Shuga wosagayikayo atsikira m'matumbo akulu. Pamenepo mimba ilira, itupa ndi mpweya, ndipo kawiri-kawiri munthu atsegula m'mimba. Ena ayesa alodzedwa, ena aleka mkaka moyo wao wonse, nataya cakudya comanga thupi ndi mafupa.

Nanga cambiko cisiyana bwanji? M'caka ca 1857 Louis Pasteur wa ku France anaonetsa kuti cosasitsa mkaka ndico tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti tidya gawo la shugayo ndi kulisandutsa kuwawasa kumene timva pa lilime. Ndiponso akatswiri anapeza kuti tizilombo ta mu yogati, tikamezedwa tili moyo, tithandiza kugaya shuga wotsalayo. N'cifukwa cace anthu ambiri amene mkaka wauwisi uwabvuta amadya wosasa popanda bvuto.

Makolo sanaone tizilomboto, koma nchito yace anaidziwa. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, anali anthu a amasi. Atonga ndi Alozi ali ndi mabisi kufikira lero, ndipo m'caka ca 2019 akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, anasindikiza zimene anafufuza za kapangidwe kace. Kodi cimene aphunzitsi akulu aciyesa coyenera kuciphunzira, ife a setifiketi imodzi ticiseke?

Wina adzati, nanga za uve? Apo wanena zoona. Mkaka wosawiritsa ungathe kutenga cifuwa cacikulu ndi nthenda zina kucokera ku ng'ombe, ndipo kusasa kokha sikupha zonsezo. Koma mankhwala ace si kutaya cambiko. Wiritsani mkakawo, muuleke uzizire, muuthire m'cipanda cotsuka bwino, muonjezemo pang'ono cambiko cabwino ca dzulo, ndipo mubvundikire kuti ugonere. Apa ndipo pamene maphunziro anu angathandize mudzi.

Cotero, anzanga otsiriza sukulu, lekani manyazi opanda pace. Phunzitsani amai anu kuwiritsa mkaka, ndipo iwo akuphunzitseni kusasitsa. Mau a akulu akoma akagonera, ndipo mkaka naonso uli comweco.